SABUWUFA YA GALIMOTO M'NYUMBA: TISALETSE, TIPHUNZITSE

Aliyense amene wayendako m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota zaka zino adziwa chimene ndikunena. Mukatsika minibasi pa msewu wa M5, kaya ndi pa Benga, pa mlatho wa Chia, pa Boma kapena pa Dwangwa, chimene chimayamba kukulonjerani si fungo la usipa ai, koma kugunda kwa besi. Mukalondola kumene kukuchokera kugundako simupeza galimoto. Mupeza kagolosale, kanyumba kometera tsitsi kapena nyumba ya munthu wamba, ndipo pakona pali chibokosi chamatabwa chokhala ndi sipika yaikulu ngati lichero laling'ono. Anyamata amaitchula kuti sabuwufa. Amene adaipanga adalinga kuti izikhala kumbuyo kwa galimoto, koma kwathu kuno idalowa m'nyumba ndipo sikuonetsa kuti ituluka msanga.

Makolo ambiri akuti chinthu chimenechi nchosokoneza, chingoletsedwa basi. Anzathu ena ochokera m'tauni amangoseka, ati ndi zochita za umphawi. Ine ndikuti onsewa akuphonya. Kuika sipika ya galimoto m'nyumba ndi nzeru ndithu, koma ndi nzeru ya theka. Theka linalo lili m'makope athu a Fizikisi, ife amene makolo akutilipirira sukulu, ndipo timalitsekera m'sutikesi tikamapita ku tchuthi. Kuti mumvetse chifukwa chake ndikutero, ndiyambe ndi kukuuzani manyazi anga.

Zimene zidachitika kwa amalume

Pa tchuthi chachikulu cha chaka chatha ndidakakhala kwa amalume, m'mudzi wina wa asodzi kummwera kwa Boma. Amalumewo ali ndi bwato ndi chilimira, ndipo usiku wopanda mwezi alovi awo amapita ku kauni, kukakopa usipa ndi kuwala kwa mababu oyendera batire. M'nyumba mwawo mudali wailesi yaikulu ya masipika awiri imene adabwera nayo kuchokera ku Joni zaka zambiri zapitazo. Ankaisamala ngati mwana, nkumaivundikira ndi kansalu koluka. Inkayendera inveta, poti magetsi a pa mapolo sadafike m'mudzimo.

Msuweni wanga, mnyamata wa manja aluso amene adalekera sukulu mu Fomu 2, adagulitsa usipa wake nagula sabuwufa ya mainchesi 12 yochotsedwa m'minibasi yakufa. Atafika nayo adailumikiza kumbuyo kwa wailesi ya bambo ake, pa mabowo omwewo pamene padali kale sipika ina. Madzulo awiri oyamba mudzi wonse udadziwa kuti kwabwera chinthu. Madzulo achitatu, nyimbo ili pakati, tidamva fungo la pulasitiki yopsa, kautsi kadatuluka kumbuyo kwa wailesi, kenaka kudangoti zii. Wailesi ya ku Joni idathera pomwepo.

Msuweniyo sadagwe mphwayi. Patapita sabata adabwereka ampulifaya ya galimoto kwa mnzake, naipatsa moto kuchokera ku batire la ku kauni, ndi kawaya kopyapyala, popanda ndi fyuzi yomwe. Idalira tsiku lonse amalume ali ku maliro m'mudzi wina. Dzuwa litapendeka alovi adabwera kudzatenga batire, ndipo atayesa mababu adangoyaka ngati ziphaniphani. Bwato silidapite. M'mawa mwake anzawo adakocheza ndi usipa wodzaza, ife tikungoyang'ana pa doko, ndipo mabanja onse a alovi tsiku limenelo adalibe chogulitsa.

Amalume adatiitanira pakhonde. Adalamula kuti sabuwufayo ikaponyedwe m'nyanja, kenaka adatembenukira kwa ine nati, "Iwe mphwanga, si paja wamaliza Fomu 3? Tandiuza, chidapha wailesi yanga nchiyani?" Ine ndidangoti kukamwa yasa. Miyezi yochepa m'mbuyomo ndidali nditakhoza bwino mayeso a lamulo la Ohm, ndipo ndikadatha kulilakatula ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Koma sindidaganizepo kuti lamulo limeneli limakhalanso pakhonde pa amalume. Ndisadanyamuke ndidakhala masana awiri ndi mkulu wina wokonza mawailesi pa msika, ndipo nditabwerera kuno ndidafunsanso aphunzitsi athu. Zimene ndalemba m'munsimu ndi zimene ndikadayenera kuyankha tsiku lija.

Tiyambe tavomereza kuti anyamatawa aganiza

Kalembera wa anthu wa 1998 ndi wa 2008 tiwasiye, titenge wa 2018. Iye adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi. Kuchokera nthawi imeneyo mapolo afika m'malo ambiri, ndipo mu 2021 ku Salima, pafupi ndi kwathu, kudatsegulidwa malo aakulu opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60. Komabe m'midzi yambiri ya kunyanja magetsi amene banja limadalira ndi a sola yapadenga ndi batire la mavoliti 12. Ngakhale amene ali ndi magetsi a pa mapolo sadaiwale mdima wa 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira.

Tsono taonani. Wailesi ya m'nyumba imafuna mavoliti 230 a pa khoma. Kuti ilire pa batire pamafunika inveta yokweza 12 kufika 230, kenaka m'kati mwa wailesimo mavolitiwo amatsitsidwanso. Pa kukwera ndi kutsika kumeneku mphamvu ina imatayika, monga momwe madzi amatayikira mukamawathira m'chigubu kuchoka m'ndowa nkuwabwezeranso m'ndowamo. Koma ampulifaya ya galimoto idapangidwira mavoliti 12 kuchokera pachiyambi. Idapangidwanso kuti ipirire fumbi, kutentha ndi kugwedezeka kwa pamsewu. Mnyamata amene waona kuti batire la sola ndi la galimoto ndi pachibale, naika zida za galimoto m'nyumba, waganiza bwino kuposa amene akumusekayo.

Ndipo kukonda besi si matenda obwera ai. Chotsani ng'oma yaikulu pa mganda kapena pa malipenga, muone ngati ovina asunthe phazi. Babatoni, choimbira cha chingwe chimodzi chija chimene Amalawi amadzipangira okha, ntchito yake ndi yomweyo, ndipo Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi a Madalitso Band achiimba mpaka ku Ulaya. Timasipika ta foni ndi ta wailesi yaing'ono sitingathe kutulutsa mawu okhuthala chotere. Sabuwufa imagwira mawu a pansi penipeni, kuyambira pa kugwedezeka ka 20 pa sekondi, pamene khutu la munthu limayambira kumva, kulekeza cha m'ma 100 kapena kupyolako pang'ono. Mnyamata wofuna kumva ng'oma m'nyimbo yake sakufuna chinthu choipa. Vuto lili pa kalumikizidwe.

Chimene chidapha wailesi

Masipika ambiri ali ndi nambala yolembedwa kumbuyo, pa maginito, yosonyeza ma-ohm. Dzinali lidachokera kwa Georg Ohm wa ku Germany, amene adafalitsa lamulo lake mu 1827. Ma-ohm amasonyeza mmene sipikayo imakanizira magetsi kudutsa. Akachepa, magetsi odutsa amachuluka. Masipika ambiri a m'nyumba ndi a ma-ohm 6 kapena 8. A galimoto ambiri ndi a 4, ena 2, chifukwa pamene mavoliti ali ochepa, njira yopezera mphamvu yambiri ndi kulola magetsi ambiri kudutsa.

Wailesi yopangidwira 8 mukaipatsa sipika ya 4, mwaikakamiza kutulutsa magetsi owirikiza kawiri. Msuweni wanga adachita kunyanya. Adaika ya 4 pambali pa ya 8 pa mabowo amodzi, kalumikizidwe kamene m'kalasi timati parallel, ndipo amene akukumbukira masamu ake adziwa kuti yankho silikwana ndi 3 yomwe. Wailesi ija inkasenza yokha katundu wa anthu atatu. Idatentha, idapirira madzulo awiri, kenaka idafa. Kukadakhala kuti ndi mu Okutobala, kunyanja kukutentha modetsa nkhawa, mwina sikadaona ndi tsiku lachiwiri lomwe.

Choncho lamulo loyamba nlosavuta. Werengani kumbuyo kwa wailesi kapena ampulifaya, pamene amalemba ma-ohm ochepetsetsa amene ingapirire, ndipo musatsike pamenepo. Ngati muli ndi masipika awiri a 4, mukawalumikiza mondondozana, waya wotuluka mwa imodzi nkulowa mwa inzake, mupeza 8, ndipo wailesi ya m'nyumba ipuma bwino. Mukawaika pa mabowo amodzi mupeza 2, ndipo mwaikumbira manda. Nambala ikakhala kuti idafufutika, kamita ka okonza mawailesi kakuuzani. Sipika ya 4 imaonetsa 3 ndi kanthu.

Chachiwiri, sabuwufa si sipika ya mawu onse. Mukaipatsa mawu a woimba, amatuluka ngati a munthu wolankhulira m'mtsuko. Pa ampulifaya zambiri za galimoto pali kabatani kolembedwa LPF, kamene kamasefa mawu nkulola a pansi okha kudutsa. Kaikeni cha pa 80, mawu otsalawo apite ku masipika aang'ono.

Chachitatu, musakopeke ndi manambala a pa katoni. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mudzaona atalemba 2000W kapena 3000W ndi zilembo zazikulu zofiira, pambali pake pali PMPO. Imeneyo ndi nambala ya amalonda. Nambala yodalirika ndi imene yalembedwa RMS, ndipo imakhala yochepa kwambiri. Ngati simukuiona, yang'anani fyuzi ya ampulifayayo. Ikakhala ya maampeya 20, chulukitsani ndi mavoliti a batire, mupeza kuti mawati ake sangapitirire 300, kaya katoni ikulumbira chotani. Ndipo mawu akayamba kusweka mukamakweza, tsitsani msanga. Kusweka kumeneko ndi chizindikiro chakuti ampulifaya yafika pa malire ake, ndipo mukaumirira muotcha koyilo ya sipika.

Batire ndi waya

Apa ndiye pali ngozi yeniyeni, yoposa kufa kwa wailesi. M'kalasi tidaphunzira kuti mawati ndi mavoliti kuchulukitsa ndi maampeya. Chida cha mawati 240 pa khoma la mavoliti 230 chimakoka ampeya imodzi ndi kadontho. Mawati omwewo pa batire la mavoliti 12 amafuna maampeya 20. Nchifukwa chake kawaya kamene kamayendetsa wailesi ya pa khoma popanda vuto, pa ampulifaya ya galimoto kamatentha mpaka pulasitiki yake kusungunuka. Mawaya awiri akagundana, batire lingathe kutulutsa maampeya mazanamazana nthawi imodzi, waya nkufiira ngati chitsulo pa chipala. M'nyumba yofolera udzu, nyengo ya mwera, simusowa wina wokuuzani zotsatira zake.

Mankhwala ake ndi awiri, ndipo onse ndi otsika mtengo poyerekeza ndi sabuwufayo: waya wonenepa ndi waufupi, komanso fyuzi pa waya wofiira, pafupi penipeni ndi batire, osapitirira utali wa rula. Fyuzi ya pa ampulifaya imateteza ampulifaya, koma ya pa batire imateteza nyumba. Fyuzi ikapsa musaikepo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Yapsa chifukwa penapake palakwika, ndiye fufuzani pamenepo.

William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, boma loyandikana ndi lathu, atapanga makina ake oyendera mphepo cha m'ma 2002, adaona yekha kuti mawaya angathe kuyatsa denga la udzu. Adadzipangira chodulira magetsi pogwiritsa ntchito misomali, waya ndi maginito a sipika. Dziko lidamutama chifukwa cha makina aja, koma ine ndimamutama kwambiri chifukwa cha kachodulira kaja. Kupangitsa chinthu kuyaka kapena kulira ambiri amatha. Kuganiza za mmene chingakuvulazireni ndiko kumasiyanitsa mmisiri ndi wongoyeserera.

Nanga bwato la amalume lidalepheranji kupita? Tiyeni tichite masamu. Tiyerekeze kuti batire lalembedwa 70Ah. Batire la mtovu silifuna kuti muliphwetse kupitirira theka, ndiye kuti anu enieni ndi 35. Ampulifaya ikamakoka maampeya 7, pakatha maola 5 gawo lanu latha. Sola ya mawati 100 imapereka maampeya 5 kapena 6 dzuwa likaswa bwino, ndipo tsiku lonse ingabweze cha m'ma 25 kapena 30. Apa mukuona kuti dansi wa madzulo amodzi angathe kudya zoposa zimene dzuwa lapereka tsiku lathunthu. Mawa mukatero, mkuja mukatero, batire limangotsika osadzazanso, ndipo pakapita miyezi ingapo lafa. Makamaka batire lolizira injini ya galimoto lidapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa, osati kukamidwa usiku wonse. Batire lodzaza limaonetsa 12.6 pa mita. Likamaonetsa 12 yokha zonse zitazimitsidwa, dziwani kuti nyimbo zikwanire. Ndipo sola isalumikizidwe ku batire popanda kabokosi kowongolera katchajidwe kaja.

Pali zinanso zimene makolo ayenera kudziwa. Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wosaoneka umene umayaka mwansanga, choncho lisakhale pafupi ndi koloboyi, kandulo kapena mbaula, ndiponso lisakhale m'chipinda chotseka mmene mukugona ana. Madzi ake ndi asidi wowotcha khungu ndi maso. Likafa lisaswedwe pabwalo, chifukwa mtovu ndi poizoni amene amaononga ubongo wa ana, ndipo ukalowa m'dothi sutuluka msanga. Libwezeni kwa ogula mabatire akale lili lathunthu.

Amene muli ndi magetsi a pa khoma, ampulifaya ya galimoto isalowetsedwe pa soketi ngakhale pang'ono. Pafunika chotsitsira magetsi cha mavoliti 12 chokhala ndi maampeya okwanira. Timaadaputa tating'ono ta pa msika sitingakwanitse. Ena amatenga cha m'kompyuta yakale ndipo chimagwira, bola muwerenge maampeya amene alembedwa pa 12V, komanso musachitsegule m'kati.

Bokosi limaposa batani

Anyamata ambiri amaganiza kuti besi imachokera pa batani lokwezera. Besi imachokera m'bokosi. Sipika ikamakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo imakhala ikukoka, ndipo popanda bokosi mphamvu ziwirizi zimadyana zokha. Pafunika bokosi la matabwa ochindikala, cha m'ma mamilimita 18, lomatidwa bwino losatulutsa mpweya m'mbali. Masabuwufa ambiri a mainchesi 12 amakwana m'bokosi lotseka la malita 30 mpaka 40, ndiye kuti pafupifupi zigubu ziwiri za malita 20. Imeneyi ndi ntchito ya akalipentala athu a pa msika.

M'galimoto malo ndi ochepa ndipo besi imadzaza msanga. M'nyumba malo ndi aakulu, ndiye mnyamata amakhumudwa nayamba kukweza mpaka zinthu kupsa. M'malo mokweza, kankhirani bokosilo pakona. Makoma awiri ndi pansi zidzabweza mawuwo, ndipo besi idzachuluka popanda kudya ampeya ina yoonjezera.

Makutu athu ndi anansi athu

Tsopano ndifike pamene makolo akunena zoona. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti achinyamata opitirira 1 biliyoni ali pa chiopsezo choononga makutu awo chifukwa chomvera nyimbo mokweza. Muyeso wake ndi wakuti munthu wamkulu angamve phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata. Likafika 90, maolawo amatsika kukhala 4 okha, ndipo pa 100 ndi mphindi 20. Ife tilibe zoyezera, koma tili ndi zizindikiro. Ngati mukuchita kufuula kuti munthu amene mungamukhudze ndi dzanja akumveni, phokoso lachuluka. Ngati mukamagona makutu akulira okha, mwawavulaza. Timinyewa ta m'kati mwa khutu tikafa sitiphukanso. Wometa tsitsi amene amakhala pafupi ndi bokosi kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndi khanda limene mayi waligoneka pambali pa sipika, ndi amene adzalipire m'tsogolo.

Komanso besi siidziwa malire a bwalo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo funde limodzi la mawu ogwedezeka ka 50 pa sekondi ndi lalitali pafupifupi mamita 7, kuposa chipinda chimene muli. Mawu opyapyala amatsekeka ndi khoma, koma funde lotere limadutsa m'makoma ndi m'malata. Ife akunyanja tidziwanso kuti usiku wabata mawu amayenda patali pamwamba pa madzi. Inu mukumva nyimbo, koma mnansi wanu akungomva kugunda kopanda mawu, ndipo kumeneko ndi kumene kumasowetsa tulo.

Ndani akumva kugundako? Msodzi amene wachezera pa nyanja ndipo ayenera kugona masana. Mwana wa Sitandade 8 amene akuwerengera mayeso pa tochi. Gogo wodwala mutu. Abale athu Achisilamu amene amadzuka m'bandakucha kukapemphera. Banja limene lili pa siwa. Kale ng'oma idali ndi bwalo lake ndi nthawi yake, ndipo pamudzi pakagwa zovuta inkakhala chete popanda wouza mnzake. Sabuwufa ilibe bwalo, imalira paliponse pali batire. Choncho mwini wake ndiye ayenera kukhala ndi ulemu umene ng'oma idali nawo. Sindikuona chovuta kuti mafumu athu pamodzi ndi makomiti a pa doko agwirizane ndi achinyamata za ola lotsitsira nyimbo. Lamulo limene achinyamata apanga nawo okha amalisunga bwino kuposa lowagwera kuchokera kumwamba.

Kwa amene akuti tingoletsa

Ndikudziwa kuti ena mwa inu makolo mukuti zonsezi nzotaya nthawi. Ndalama ya sabuwufa ikadagula thumba la feteleza kapena malata awiri, ndipo mwana wokhalira nyimbo sagwira kope. Pa ndalama sindikutsutsani. Batire limene likudyetsa banja lisakhudzidwe ndi zosangalatsa, ndipo wofuna besi agule lake. Amalume adalakwiridwa, ndipo mkwiyo wawo udali m'malo mwake.

Koma taganizani zimene zimachitika mukaletsa. Mnyamata saleka. Amasamutsira zidazo ku gowelo kapena kwa mnzake, kumene kulibe wamkulu woyang'ana, ndipo amalumikiza mobisa ndi mofulumira, ndi waya uliwonse umene wapeza. Kuletsa sikuchotsa ngozi, kumangoichotsa pamaso panu. Ndipo mukaponya bokosilo m'nyanja mumataya ndi mwayi womwe. Mnyamata amene wamvetsa ma-ohm, maampeya ndi fyuzi chifukwa cha sabuwufa ndi yemweyo adzakukonzereni sola, adzasamale mababu a ku kauni, ndipo mwina mawa adzatsegula kashopu kake pa msika. Ambiri mwa amisiri amene timawadalira adayamba ndi kumasula wailesi ya bambo awo. Chidwi chilipo kale. Chikusowa ndi wochiwongolera, poti paja safunsa adadya phula.

Pempho langa

Kwa inu anzanga aseminale, tileke kuphunzira Fizikisi ngati nyimbo yoimbira mayeso. Tikamapita ku tchuthi anthu amatiyang'ana ngati odziwa, ndipo amatifunsa zinthu zenizeni. Tisanyoze anzathu amene adatsala kumudzi. Iwo manja awo amadziwa zimene ife sitidziwa, ife tili ndi masamu amene iwo sadapeze mwayi wophunzira. Mutu umodzi susenza denga. Tchuthi chikubwerachi, aliyense ayang'ane kumbuyo kwa wailesi ya kwawo, awerenge manambala, aone ngati pa batire pali fyuzi.

Kwa inu makolo athu, mwana akabwera ndi chibokosi chotere musayambe ndi kukalipa. Mufunseni mafunso atatu: ndi ya ma-ohm angati, fyuzi ili pati, ndipo batire ndi la yani. Akalephera kuyankha, chisalire mpaka atapeza mayankho.

Kwa inu Abambo ansembe, zida zomwezi ndi zimene makwaya ndi magulu a achinyamata akugwiritsa ntchito m'matchalitchi ambiri a kumidzi kumene kulibe magetsi. Mukapita kumeneko, taponyaniko diso pa mawaya amene ali kuseri kwa benchi ya kwaya. Ndipo Loweruka limodzi pa tchuthi, holo ya parishi itatsegulidwa kuti wokonza mawailesi ndi ophunzira angapo aphunzitse achinyamata zinthu zimenezi, pangapulumuke mabatire ambiri, mwinanso nyumba.

Pa Khirisimasi ndidabwerera kwa amalume nditatenga fyuzi, waya wonenepa ndi kope langa. Sabuwufa ija sidaponyedwe m'nyanja ai, azakhali adaibisa kunsi kwa bedi. Msuweni adali atasonkha ndalama ya batire lakelake. Tidakhala pansi pa mtengo wa mango, iye akusenda mawaya, ine ndikuwerengera, amalume akuonerera chapatali osanena kanthu. Lero imalira kuyambira madzulo, ikakwana 9 koloko imazima, ndipo pamudzi pakagwa maliro siiyatsidwa. Wailesi ya ku Joni ija sidadzukenso. Ikadali pa malo ake, yovundikira ndi kansalu kake koluka, ndipo ndikaiona ndimakumbukira kuti yankho limene likadaipulumutsa lidali m'sutikesi mwanga.